Mwini ng'ombe wosagonja pa kanema: mwa masewero asanu awa, muonere liti?

Munthuyu mukumudziwa. Malo ali nawo, ng'ombe ali nazo, dzina lake limamveka dera lonse, koma m'thumba mwauma. Mvula yakana, msipu watha, a banki akutumiza makalata, ana akumuchonderera kuti agulitseko mbali ina ya malowo, iye n'kungoyang'ana kumbali ngati sakumva. Amene anakulira ku Chikwawa, ku Mzimba kapena ku Katete anamuonapo mkulu wa mtima wotere, woti njala ili m'nyumba koma chipata cha khola satsegula. Ku America munthu ameneyu anamuveka chipewa chotambalala, namukweza pa kavalo, ndipo wakhala akuoneka pa wailesi za kanema kwa zaka zoposa 60.

Masewero ake ndi ambiri ndipo ambiri ndi aatali. Mukalowa m'sewero losakuyenerani, mumatentha bandulo ndi masabata angapo musanazindikire. Ndasankha asanu amene nkhani yake yagona pa mwini famu ya ng'ombe wonyada koma wopanikizika.

Zimene ndikuyezera

Mtengo: ndalama yolipira kuti muonere, kuphatikiza bandulo. A Netflix amanena okha kuti pa foni, GB imodzi imakwana maola pafupifupi 4, kapena 6 mukasankha kusunga data. Pa kanema wamkulu ola limodzi limadya pafupifupi GB imodzi, ndipo pa HD limafika GB 3. Muyeso umenewu ndiugwiritsa ntchito pa masewero onse kuti kuyerekeza kukhale kosavuta.

Kapezekedwe: kodi muli ku Lilongwe, ku Tete, ku Johannesburg kapena ku Leeds, mungalipeze mwa njira yovomerezeka?

Zimene limafuna kwa inu: maola angati, miyezi ingati yolipira, komanso ngati mungadumphe gawo osasochera.

Zoyenera kusamala: zimene simungaonere pamodzi ndi ana kapena apongozi, ndi zimene seweroli limabisa.

Pamwamba pa zinayi pali funso limene kwa ine ndilo lalikulu: kodi mwini famuyo akuvutikadi, kapena ndi wolemera amene akungomenyera ufumu wake?

1. Yellowstone

Ili ndilo aliyense amalitchula. Linayamba mu June 2018 pa Paramount Network, ndipo analipanga ndi Taylor Sheridan ndi John Linson. Kevin Costner ndiye John Dutton, mwini famu yaikulu zedi ku Montana, amene wazingidwa mbali zonse: amalonda akufuna kumanga bwalo la ndege ndi malo a alendo, Amwenye a ku America (eni nthaka amene azungu anawapeza m'dzikolo) otsogoleredwa ndi Thomas Rainwater akufuna malo a makolo awo, ndipo ana ake omwe, makamaka Beth ndi Jamie, akudyana okhaokha.

*Mtengo.* Ndilo lodula kwambiri pa onse. Kuno kwathu linafika kudzera ku MultiChoice, pa M-Net ndi pa Showmax, ndipo M-Net imapezeka pa phukusi la Premium lokha. Maola ake amapitirira 40, ndiye pa foni konzani GB 10 kapena kuposerapo, pa kanema wamkulu GB 40. Ndi sewero la mapiri, mitsinje ndi akavalo othamanga, choncho kulionera pa chithunzi chosawala bwino ndi kutaya theka la chimene mwalipirira.

*Kapezekedwe.* Amene ali ku Britain amalipeza pa Paramount+. Ku America komweko zinthu zinasokonekera, chifukwa ufulu wolionetsa pa intaneti unagulitsidwa ku Peacock, osati ku Paramount+ monga ambiri amaganizira. Maufulu otere amasamuka, ndiye fufuzani dzina la seweroli pa pulogalamuyo musanalipire mwezi.

*Zimene limafuna kwa inu.* Masizoni 5, magawo 53, ndipo nkhani yake ndi ulusi umodzi. Mukadumpha magawo awiri simudziwanso kuti wapha ndani komanso chifukwa chake. Kwa munthu wopita ku ntchito, ndi miyezi iwiri kapena itatu yolipira.

*Zoyenera kusamala.* Kutukwana kuli paliponse, zachigololo zilipo, ndipo anthu amafa ngati nkhuku za chitopa. Antchito a pa famu amadindidwa chitsulo chamoto pachifuwa ngati ng'ombe, ndipo amene wadziwa zambiri amakaponyedwa kuphompho. Chinanso, Costner anachoka seweroli lisanathe, moti magawo omaliza, amene anaonetsedwa kumapeto kwa 2024, mulibe munthu amene munamutsatira kuyambira pachiyambi.

Nanga John Dutton akuvutikadi? M'mabuku a ndalama, inde. Malo ake ndi a mtengo wosaneneka koma ng'ombe sizibweretsa phindu, ndipo msonkho umakwera pamene olemera akugula malo oyandikana naye. Mu sizoni yachisanu muli nkhani yabwino ya matenda a brucellosis ochokera ku njati, amene amachititsa kuti ng'ombe zambiri zisamutsidwire ku Texas pa malo obwereka. Apo seweroli limalankhula chilankhulo cha mlimi. Koma munthu wokhala ndi helikoputa, maloya ndi gulu la anyamata a mfuti si mlimi wovutika ayi, ndi mfumu imene ili pa nkhondo. Ngati mukufuna ndale za malo ndi mkangano wa m'banja, mupezamo zokwanira. Ngati mukufuna thukuta la munthu wosauka, lili kwina.

2. 1923

Ili ndi la banja lomwelo la Dutton, koma zaka 100 m'mbuyo. Linayamba mu December 2022. Harrison Ford ndi Jacob Dutton, Helen Mirren ndi mkazi wake Cara. Kwa ine ili ndilo linalemba bwino chilala kuposa onse. Gawo loyamba lenilenilo muona ng'ombe zakufa, dzombe litamaliza udzu, ndi msonkhano wa m'tauni pomwe oweta ng'ombe ndi oweta nkhosa akulozana zala. Banner Creighton, woweta nkhosa wochokera ku Scotland, amadula waya n'kulowetsa ziweto zake m'malo a eni chifukwa zikufa ndi njala. Simungamude kotheratu. Aliyense amene anaonapo mlandu wa ziweto zodya m'dimba la wina pabwalo la amfumu amvetsa kuti onse awiri ali ndi mfundo.

*Mtengo.* Pafupifupi maola 15 okha, ndiye GB 4 pa foni zikwana. Mwezi umodzi wolipira ndi wokwanira.

*Kapezekedwe.* Ndi la Paramount+, imene ilibe msika wake wachindunji ku Malawi, ku Zambia kapena ku Mozambique. Amene ali ku Britain, ku Canada kapena ku America savutika. Enafe timadikira kuti wina agule ufulu wolionetsa m'chigawo chathu.

*Zimene limafuna kwa inu.* Masizoni awiri, yachiwiri inatuluka mu 2025, ndipo nkhani imatha. Simufunika kuyamba mwaonera Yellowstone. Koma dziwani kuti nkhani zake ndi zitatu zoyenda payokhapayokha: famu ku Montana, mwana wa m'bale wa Jacob dzina lake Spencer amene akusaka zilombo ku Kenya, ndi mtsikana Teonna Rainwater pa sukulu yogonera komweko. Amene mwabwerera ng'ombe mudzaona kuti ulendo wa Spencer wobwerera kwawo ukutalika mopitirira muyeso.

*Zoyenera kusamala.* Apa ndichenjeze mwamphamvu. Zimene zimachitikira Teonna pa sukulu ya mishoni ndi zowawa kuzionera, ngakhale zachokera pa mbiri yeniyeni ya sukulu zimene ana a Amwenye ankakakamizidwa kupitako kuti aiwale chilankhulo ndi chikhalidwe chawo. Palinso zithunzi za nkhanza kwa akazi m'nyumba ya Donald Whitfield, mwini migodi, zimene ine ndikuona kuti zinapitirira pomwe nkhani inkafunira. Si la pabalaza pamene ana ali maso.

Mchimwene wake wa seweroli ndi 1883, la magawo 10, lonena za ulendo wa ngolo kuchokera ku Fort Worth ku Texas. Ndi labwino, koma famu isanakhalepo, ndiye silikulowa m'mpikisanowu.

3. The Ranch

Ambiri adabwa kuliona pano, chifukwa ndi sewero loseketsa, lojambulidwa anthu akuonerera ndi kuseka. Koma mukandifunsa kuti mwini ng'ombe wonyada ndi wovutika weniweni ali kuti, ndikulozerani Beau Bennett, amene amaseweredwa ndi Sam Elliott. Ndi nkhalamba imene inamenya nawo nkhondo ya ku Vietnam, ili ndi famu ya Iron River ku Colorado, ilibe wantchito wolembedwa koma ana ake aamuna awiri, ndipo mkazi wake Maggie anachoka panyumba n'kumakayendetsa bala m'tauni. Mwana wake Colt, amene ndi Ashton Kutcher, wabwerera kumudzi mpira utamukanika.

Mavuto a Beau ndi aja enieni: mvula, mtengo wa ng'ombe pamsika, ngongole ya chakudya cha ziweto, thole lobadwa usiku pakati pa chisanu, kampani yaikulu ya Neumann's Hill imene ikumeza mafamu ang'onoang'ono limodzi ndi limodzi. Palibe amene amaombera mnzake kuti famu ipulumuke. Amakhala patebulo n'kuwerengera, masamu osatheka. Ndipo kunyada kwake ndi kuja kwa bambo amene sangathe kunena kuti "wachita bwino mwanawe" ngakhale mtima ukufuna. Pali magawo ena amene kuseka kumatha zii, bambo ndi mwana atangokhala pakhonde osayang'anana. Amuna ambiri a kwathu adzawaona abambo awo pamenepo.

*Mtengo.* Phukusi la Netflix la pa foni ndilo lotsika mtengo, ndipo seweroli silitaya kanthu pa foni chifukwa zambiri zimachitikira kukhitchini, m'khola ndi m'bala. Maola pafupifupi 40, ndiye GB 7 mpaka 10. Vuto ndi kalipiridwe: pamafunika khadi ya Visa kapena Mastercard yolola kulipira kunja, ndipo ku Malawi tonse tikudziwa mmene ndalama zakunja zimavutira.

*Kapezekedwe.* Apa lapambana onse. Ndi la Netflix mwini, ndipo Netflix inatsegulidwa m'maiko athu kuyambira January 2016. Silidalira kuti wina agule ufulu. Mungalikopere pa foni pamene mwapeza Wi-Fi, n'kumaonera magetsi atathima.

*Zimene limafuna kwa inu.* Magawo 80 a theka la ola, kuyambira 2016 mpaka 2020. Gawo limodzi limakwana pa ulendo wa minibasi. Mukadumpha limodzi simusochera kwenikweni. Nthabwala zake zambiri zagona pa zinthu za ku America, monga magulu a mpira wawo ndi mitundu ya magalimoto, ndiye zina zidzakudutsani. Yatsani mawu olembedwa pansi, chifukwa Elliott amalankhula motsitsa, mawu akuchokera m'ndevu.

*Zoyenera kusamala.* Kutukwana n'kochuluka ndipo mowa uli m'manja pafupifupi nthawi zonse. Chachikulu china ndi ichi: Danny Masterson, amene ankasewera Rooster, mkulu wake wa Colt, anachotsedwa mu 2017 atamunenera milandu yogwiririra, ndipo mu 2023 khoti linamupeza wolakwa n'kumugamula zaka zosachepera 30 m'ndende. Nkhope yake ili m'magawo ambiri oyambirira. Ena sangafune kuiona, ndipo ndi bwino kudziwiratu.

4. The High Chaparral

Tsopano tabwerera ku akauboyi akale. Ili linaonetsedwa pa NBC kuyambira 1967 mpaka 1971, ndipo analipanga ndi David Dortort, yemwenso anapanga sewero lina la akauboyi lotchedwa Bonanza. Leif Erickson ndi Big John Cannon, amene wafika ku Arizona m'zaka za m'ma 1870 kudzayamba famu m'chipululu. M'gawo loyamba mkazi wake amafa ndi muvi. Kuti famu isagwe, John amapangana ndi Don Sebastian Montoya, mwini malo wamphamvu wa tsidya la Mexico, ndipo chikole cha panganolo ndi ukwati: ayenera kukwatira Victoria, mwana wa Montoya. Ukwati woyamba ngati mgwirizano wa mabanja n'kumakula pang'onopang'ono, mwana wopeza Blue amene sakufuna mayi watsopano, mlamu Manolito wokonda zosangalatsa, m'bale Buck wa mtima wabwino koma wosakhazikika: banja limeneli ndilo nyama ya seweroli. John ndi wouma mutu, wolimba pa mwana wake mopitirira, ndipo famu yake imakhala pakamwa pa imfa nthawi zonse.

*Mtengo.* Mukagula ma DVD mumalipira kamodzi basi, palibe za mwezi ndi mwezi kapena bandulo. Koma pamafunika wachibale wobwera nawo kuchokera kunja. Pa intaneti, maola ake pafupifupi 80 ndi GB 14 mpaka 20.

*Kapezekedwe.* Ndilo lovuta kupeza pa asanuwa. Pa YouTube magawo amaikidwa ndi anthu wamba, lero alipo mawa achotsedwa. Pogula DVD yang'anani nambala ya chigawo: za ku America ndi 1, za ku Ulaya ndi South Africa ndi 2, pomwe Malawi, Zambia ndi Mozambique zili mu 5. Onetsetsani kuti makina anu amawerenga zigawo zonse.

*Zimene limafuna kwa inu.* Magawo 98, koma lililonse lili ndi nkhani yake yotha. Onerani awiri oyamba kuti mudziwe banja, kenako sankhani mmene mufunira. Limayenda modekha kuyerekeza ndi a masiku ano. Kuona maso a nkhono n'kudekha.

*Zoyenera kusamala.* Mfuti zimalira koma magazi saoneka kwenikweni, ndipo kutukwana kulibe. Chimene ndikufuna muchione ndi cha malo. Famu ya Cannon ili pa dziko la Aapache, mtundu wina wa Amwenye a ku America. Seweroli linayesetsa, kuposa anzake a nthawi imeneyo, kuwaonetsa ngati anthu okhala ndi chifukwa chomenyera nkhondo, komanso linapatsa anthu a ku Mexico malo aulemu m'nkhani. Komabe kamera imakhala mkati mwa mpanda wa mzungu, ikuyang'ana kunja. Munthu wa ku Thyolo kapena ku Mulanje, amene amadziwa mmene minda ya tiyi inakhalira pa malo a makolo ake, sadzachedwa kuzindikira kuti agogo ake akanakhala mbali iti ya mpandawo. Mukamaonera ndi ana, nkhani imeneyi ikambeni.

5. The Rifleman

Lakale kwambiri pa onse, la 1958 mpaka 1963 pa ABC, lopanda mitundu. Chuck Connors ndi Lucas McCain, bambo wamasiye amene akulera yekha mwana wake Mark pa famu yaing'ono pafupi ndi tauni ya North Fork ku New Mexico. Alibe antchito kapena chuma. Amaphika yekha, amakonza mpanda yekha, ndipo salola kuthandizidwa mwa chifundo.

*Mtengo.* Ndilo lotchipa. Magawo ambiri ali pa YouTube, ndipo chifukwa chithunzi n'chakuda ndi choyera, mungatsitse kawalidwe kake osataya kanthu. Fodya wako ndi amene ali pamphuno.

*Kapezekedwe.* Paliponse pamene pali foni ndi netiweki, ngakhale magawo sakhala mu ndondomeko nthawi zonse.

*Zimene limafuna kwa inu.* Magawo 168 a mphindi pafupifupi 25, lililonse loima palokha. Chingerezi chake n'chomveka bwino, chabwino kwa wophunzira.

*Zoyenera kusamala.* Pafupifupi gawo lililonse limatha ndi mfuti ya Winchester. Bambo amaphunzitsa mwana chilungamo ndi kukhululuka, kenako mkangano n'kuthera pa chipolopolo. Mwana wamng'ono angatolepo phunziro lachiwirilo. Nkhani za ng'ombe zenizeni ndi zochepa. Famu ili kumbuyo, kutsogolo kuli bambo ndi mwana.

Wina afunsa za Bonanza. Ndalisiya dala. Magawo ake 431, a 1959 mpaka 1973, ndi osangalatsa, koma Ben Cartwright, mwini famu ya Ponderosa m'seweroli, ndi mpondamatiki wa ku Nevada, sanagonepo ndi nkhawa ya ngongole ya chakudya cha ng'ombe.

Za pa flashi

Ndikudziwa kuti ambiri masewerowa amawatenga kwa anyamata oika mafilimu pa flashi kumsika. N'zotchipa ndipo sizifuna khadi ya ku banki. Koma ndi kuphwanya lamulo la umwini wa zaluso, limene ku Malawi linakonzedwanso mu 2016, ndipo pali zotayika zina: magawo osowa pakati, mawu olembedwa pansi kulibe, mavairasi olowa mu kompyuta. Sewero ngati Yellowstone, loti gawo limodzi likasowa ulusi waduka, ndilo limavulala kwambiri ndi njira imeneyi.

Ndiye mutenge liti?

Ngati kwanu kuli kale DStv Premium kapena Paramount+, ana amagona msanga, ndipo mumakonda nkhani za mphamvu, malo ndi abale odana, tengani Yellowstone. Lionereni pa kanema wamkulu.

Ngati muli ndi mwezi umodzi wokha wolipira ndipo mukufuna nkhani yoyamba n'kutha, ya chilala ndi mkangano wa msipu, tengani 1923, muli nokha kapena ndi akuluakulu anzanu, chala chili pafupi ndi batani lodumphira.

Ngati chimene muli nacho ndi foni, khadi yolipirira ndi theka la ola patsiku, ndipo mukufuna mlimi amene ngongole ikumusowetsa tulo, tengani The Ranch. Pa funso langa lalikulu lija, ili ndilo layankha moona kuposa ena onse.

Ngati mukufuna la banja lonse Lamulungu masana, ndipo muli ndi wachibale ku Britain kapena ku America amene angakutumizireni ma DVD, funsani The High Chaparral. Ndilonso loyenera kwa amene amakonda nkhani ya ukwati ndi ubale wa mabanja awiri kuposa kulira kwa mfuti.

Ngati bandulo yanu ndi ya tsiku ndi tsiku, kapena mukulera mwana nokha ndipo mukufuna choonera naye limodzi madzulo, yambani ndi The Rifleman, gawo limodzi patsiku, inu muli pambali pake.